Ng'oma ya m'Cifuwa Ikasokonezeka

Cinyanja ndi cinenero cimene cimachula mtima kawirikawiri. Munthu waukali amati ndi wopsa mtima, womana amati ndi wouma mtima, wamantha amamuuza kuti alimbe mtima, ndipo namfedwa amamupempha kuti augwire mtima. Mwana akafika bwino ku Lusaka kapena ku migodi, makolo otsala kumudzi amati tsopano mitima yakhala pansi. Mau onsewa amanena za makhalidwe ndi maganizo a munthu. Koma za mtima weniweni, mnofu uja waukulu ngati nkhonya ya mwini wace, umene uli pakati pa cifuwa copendekera pang'ono kumanzere, anthu ambiri sanenapo kanthu kufikira tsiku limene uyamba kuvuta.

Komatu m'thupi lonse mulibe wanchito wina wosatopa ngati ameneyu. Munthu wamkulu akakhala pansi osagwira nchito, mtima wace umagunda nthawi 60 kufikira 100 pa mphindi imodzi, ndipo pa tsiku limodzi, usana ndi usiku, umagunda nthawi pafupifupi 100,000. Sudziwa tsiku la Sabata, sudziwa maliro. Codabwitsa si kuculuka kwa kugundako kokha ai, koma dongosolo lace, pakuti kugunda kulikonse kumabwera pa nthawi yace, monga mapazi a munthu woyenda m'njira yosalala.

Mai wina wa m'mudzi wa pakati pa Katete ndi Chadiza, mlimi wa cimanga ndi nshawa, wa ana anai, anayamba kuumva mtima wace ali ndi zaka 34. Inali nyengo yopalira. Iye anali wodziwika m'mudzimo kuti pa khasu palibe womposa, koma caka cimeneco akangopalira mizere iwiri mpweya unali kumuthera, nayamba kutsamira pa mpini. Ndowa ya madzi imene kale anali kuisenza kucokera pacitsime osapuma, tsopano anali kuitula kawiri panjira. Usiku ndiwo unali woipa koposa. Akagona pamphasa anali kumva m'cifuwa ngati muli nkhuku yomangidwa miyendo imene ili kuphupha, nthawi zina mofulumira, nthawi zina ngati yaleka, kenaka n'kuyambanso. Tulo tinali kubwera pokhapokha atakhala tsonga, msana atatsamiritsa ku cipupa.

Pamudzi sipasowa odziwa matenda. Mwamuna wace anati n'kutopa kwa dzinja cabe. Apongozi ace anati magazi acepa, namuphikira ndiwo zamasamba zambiri. Ena anati ndi maganizo, popeza caka cimeneco feteleza anavuta kumupeza. Analiponso onong'ona, amene anakumbutsana za mkangano wa malire a munda wa caka capitaco, nayamba kuloza nyumba ina ndi milomo. Miyezi inai inapita motero.

Tsiku lina m'mawa, nthawi yokolola itafika, mai uja ali kumwa thobwa pakhonde, kapu inangogwa yokha m'dzanja lace lamanja. Anafuna kuitana mwana wace wamkazi, koma lilime linalemera, mau sanatuluke bwino, ndipo mlomo unakhotera mbali imodzi. Zinatenga nthawi yocepa, yonga yophikira nsima, kenaka zonse zinabwerera m'malo. Ambiri anati tsoka lapita pambali. Koma amalume ace, mwini mbumba, amene anagwirako nchito ku Kitwe naona mnzao wina akufa ziwalo atayamba mwa njira yomweyo, anakana kumva zimenezo. “Mwana wa mlongo wanga uyu sagona pano lero,” anatero. “Mangani ng'ombe pangolo.”

Ku kiliniki namwino sanayambe ndi mankhwala. Anagwira dzanja la mai uja, naika zala ziwiri pamkono, m'munsi mwa cala cacikulu, maso ali pa wochi, nakhala cete mphindi yathunthu. Kenaka anaitana nkhalamba ija. “Atate, tabwerani. Ikani zala zanu apa, pa dzanja langa.” Nkhalamba inamva mtsempha uli kugunda mwadongosolo, ngati mkazi wosinja yekha mosafulumira. “Tsopano ikani pa dzanja la mwana wanu.” Apo inamva zina: kugunda kuwiri kofulumira, kumodzi kofooka, kenaka zii, kenaka kutatu kothamangitsana, osadziwa kuti kotsatira kubwera liti. Inacotsa zala niyang'ana namwino. “Anesi, ng'oma iyi yasokonezeka,” inatero. Mau amenewo sanali kutali ndi zimene madotolo amaphunzira.

Mtima uli ndi zipinda zinai. Ziwiri zapamwamba zimalandira magazi, ndipo ziwiri zapansi, zimene zili zamphamvu, zimawakankha: ca kumanja cimawatumiza ku mapapo kukatenga mpweya, ca kumanzere cimawatumiza m'thupi lonse. Pakati pa zipindazi pali zitseko zotseguka mbali imodzi yokha, kuti magazi asabwerere kumene acokera. Kuti nchito iyende, zipinda zapamwamba ziyenera kufinya poyamba, zapansi pambuyo pace, monga akazi awiri osinja mu mtondo umodzi, munsi wina ukatsika wina ukwera. Akatsitsa pamodzi minsi iombana, ndipo cimanga sicikonoka.

Nanga wopereka nthawi imeneyi ndani? Munthu angaganize kuti ndi ubongo. Koma aliyense amene anatumbulapo mlamba wongophedwa kumene adziwa kuti kamtima kace kamapitiriza kugunda kali padzanja, mutu uli kwina. Mtima uli ndi woyimba ng'oma wacewace. M'cipinda capamwamba ca kumanja muli kamnofu kakang'ono, kotalika ngati nyemba imodzi koma koonda, kamene kamatulutsa kamphamvu ka magetsi pakokha, popanda wokauza, mobwerezabwereza kufikira tsiku la imfa. Magetsi ace ndi ocepa kwambiri, ndipo amapangika pamene mitundu ina ya mcere wa m'magazi ilowa ndi kutuluka m'minofu ya mtima. N'cifukwa cace kutsegula m'mimba ndi kusanza kwa masiku angapo kungathe kusokoneza mtima wa munthu wofooka. Amene analengeza za kamnofu kameneka anali Arthur Keith ndi wophunzira udotolo Martin Flack, ku England, m'caka ca 1907, ndipo anayamba kukaona mu mtima wa kanyama kofukula pansi konga mfuko. Ubongo umangotumiza mau akuti “fulumira” pamene munthu athamanga kapena acita mantha, ndi akuti “cepetsa” pamene agona. Kuyimba kwenikweni n'kwa kamnofuko.

Mphamvu ija ikafalikira m'zipinda zapamwamba n'kuzifinyitsa, siingathe kudumphira pansi paliponse pamene ifuna. Pali cipata cimodzi cokha, pakati pa mtima, cimene dotolo wa ku Japan, Sunao Tawara, anacifotokoza m'caka ca 1906 ali kugwira nchito ku Germany. Pa cipata cimeneci mphamvuyo imaimitsidwa kanthawi kocepa zedi, ngati gawo limodzi la magawo khumi a sekondi, kuti zipinda zapansi ziyambe zadzaza. Kenaka imatsika m'timitsempha tonga mizu, nifika ponseponse nthawi imodzi, ndipo zipinda zapansi zimafinya. Kufinya kumeneko ndiko kumene zala zimamva pamkono.

Matenda amene namwino anawamva ndi zala zace madotolo amawacha atrial fibrillation, ndipo ndiwo ofala kwambiri mwa matenda okhalitsa osokoneza kagundidwe ka mtima. M'malo mwa woyimba mmodzi, m'zipinda zapamwamba mumabuka oyimba ambirimbiri, aliyense ndi kayimbidwe kace, kufikira nthawi 300 ngakhale 600 pa mphindi imodzi. Zipindazo zimaleka kufinya, zimangonjenjemera. Cikanakhala kuti zonsezo zifika pansi, munthu sakanakhala moyo. Comupulumutsa ndi cipata cija. Monga ng'ombe zokankhana pa khomo la dibi, zonse zifuna kulowa koma khomo lilola imodzi yokha pa nthawi imodzi, momwemonso cipata cimangolola zina, koma mopanda dongosolo. Motero mtima umathamanga mosalongosoka, sudzaza bwino, ndipo munthu amatopa ndi kupuma movutika.

Kutopako n'kowawa, koma si ndiko koopsa koposa. Mkazi aliyense adziwa kuti phala losatakasa limacita mibulu. Magazi nawo akakhala m'cipinda cosafinya, makamaka m'kathumba kena ka cipinda capamwamba ca kumanzere, amaundana. Tsiku lina kacidutswa kamasomphoka, kamapita ndi magazi, nikatseka mtsempha wa mu ubongo. Mbali ya ubongo yosowa magazi imayamba kufa, ndipo dzanja, mwendo kapena lilime limene mbaliyo imalamulira limafa nayo. Awa ndiwo matenda a sitiroko. Munthu wa mtima wogunda motere ali pa ngozi ya sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzace, ndipo ngati citseko ca mtima wace n'coonongeka, ngoziyo imakula kuposa pamenepo. Zimene zinacitikira mai uja pakhonde zinali kacidutswa kamene kanatseka mtsempha kenaka n'kusungunuka msanga. Linali cenjezo, ndipo kawirikawiri cenjezo lotere likanyalanyazidwa, cotsatira sicibwerera m'malo. N'zomvetsa cisoni kuganizira mabanja amene anadana, ndi nkhalamba zimene zinanenedwa ufiti n'kupirikitsidwa m'midzi, cifukwa ca kambulu ka magazi kosaposa njere ya mapira.

Namwino analemba kalata yopita ku cipatala cacikulu. Kumeneko anamata timawaya pacifuwa, pamikono ndi pamiyendo ya mai uja, ndipo makina analemba papepala mizere yosonyeza magetsi a mtima wace. Kupima kumeneku, kumene amati ECG, sikupweteka ndipo sikulowetsa magetsi m'thupi, makina amangomvetsera. Mwini nzeruyi anali Willem Einthoven wa ku Netherlands, amene anapatsidwa mphotho ya Nobel m'caka ca 1924. Makina ace oyamba anali olemera makilogalamu oposa 250, ndipo wodwala anali kuviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi a mcere. Lero makinawo munthu amawanyamula ndi dzanja limodzi. Pambuyo pace anamuunika ndi makina ena oonetsa mtima uli kugwira nchito, onga amene amaonera mwana m'mimba, ndipo dotolo anaona kuti citseko ca pakati pa zipinda ziwiri za kumanzere cinali colimba ndi copanikizika, cosatseguka mokwanira.

Pamenepo dotolo anafunsa funso limene linadabwitsa onse. “Amai, kodi muli mwana munadwalapo zilonda za pakhosi kawirikawiri? Munatupapo mfundo za miyendo?” Mai uja sanakumbukire. Koma amace omubala, amene anabwera kudzamudwazika, anagwira pakamwa. Anati inde, ali ndi zaka ngati khumi anatentha thupi, bondo linatupa, litaphwa cinatupa cigongono, kenaka kakolo, ululu uli kusamuka monga mlendo wosakhazikika. Anamutema mphini, ndipo patapita milungu yocepa anadzuka nayamba kusewera. Caka cotsatira zinabweranso, nizithanso. “Tinati wacira,” anatero agogowo, misozi ili m'maso. Dotolo anawauza kuti asadziimbe mlandu, pakuti makolo ambiri a nthawi imeneyo panalibe anawauzapo kuti khosi ndi mtima zili pa ubale.

Ubale wace ndi uwu. Zilonda za pakhosi zambiri zimatha zokha popanda cotsalira. Koma zina zimabwera ndi kacirombo kochedwa streptococcus, kamene kamakonda ana a zaka 5 kufikira 15, makamaka kumene anthu ambiri amagona m'cipinda cimodzi. Thupi limalimbana nako, koma mwa ana ena asilikali a m'thupi amasokonezeka, nayamba kumenya mfundo ndi zitseko za mtima wa mwini wace ngati ndizo mdani. Izi zimaoneka patapita milungu iwiri kapena itatu khosi litapola. Ana ena manja ndi nkhope zimayamba kugwedezeka zokha, kotero kuti cikho sicikhala m'manja ndipo kulemba kumaonongeka, ndipo m'midzi izi zimatengedwa ngati mizimu. Mfundo zimacira kotheratu, koma zitseko za mtima zimatsala ndi zipsera, ndipo matenda akabweranso zipserazo zimaonjezeka. Patapita zaka khumi kapena makumi awiri citseko cimakhala cathina. Cipinda capamwamba cimavutika kukankha magazi pa khomo lopapatiza, cimafufuma, ndipo makoma ace otanukawo ndiwo amabala oyimba osokoneza aja. Mai uja anamva mtima wace ali ndi zaka 34, koma matenda anayamba ali mtsikana wosatha msinkhu.

Pa dziko lonse lapansi anthu oposa 40 miliyoni ali ndi mitima yoonongeka mwa njira imeneyi, ndipo oposa 300,000 amamwalira nayo caka ciliconse. Ku Ulaya matendawa anali ofala kale, koma anatsala pang'ono kutheratu pamene nyumba zinakhala zabwino ndipo penisilini anafika ponseponse. Mu Africa akalipobe kwambiri. M'caka ca 2018 maiko a m'bungwe la World Health Organization anagwirizana ku Geneva kuti alimbane nawo. Cowawitsa mtima n'cakuti mankhwala ace si acilendo kapena okwera mtengo. Nyeleti imodzi ya penisilini, kapena mapilitsi omwa masiku khumi osalekeza panjira, amapha kacirombo ka pakhosi matenda asanafike ku mtima. Akuluakulu anati nkhanga zinapangana kusanapse. Mwana wotentha thupi, womva kuwawa pomeza, wa mafinya oyera kukhosi ndi timabulu totupa m'khosi, koma wopanda cifuwa ndi cimfine, ayenera kuonedwa ku kiliniki osacedwa.

Si onse a mtima wosalongosoka amene anadzera njira imeneyi. Mwa okalamba cifukwa cacikulu ndi kuthamanga kwa magazi kumene ambiri amati BP, kumene kumatopetsa mtima mwakacetecete kwa zaka zambiri. Mcere wambiri m'ndiwo, kunenepa ndi fodya zimathandizira. Mowa woledzeretsa, makamaka kacasu womwa mopitiriza, ungathe kusokoneza ngakhale mtima wa mnyamata. Cithokomiro cogwira nchito mopyola muyeso naco cimathamangitsa mtima, munthu n'kumaonda ndi kutuluka thukuta.

Mai uja anapatsidwa mankhwala a mitundu ingapo, ndipo uliwonse unali ndi nchito yace. Ena anali ocotsa madzi amene anali kudzaza m'mapapo. Ena anali opanikiza cipata cija kuti cizilola kugunda kocepa, mtima upeze nthawi yodzaza. Otere alipo atenolol ndi anzace, ndiponso digoxin. Mbiri ya digoxin iyenera kumvedwa ndi onse okonda mankhwala a zitsamba. Dotolo wa ku England, William Withering, anamva za msanganizo wa zitsamba umene nkhalamba ina yaikazi ya ku Shropshire inali kucizira otupa thupi. Anafufuza napeza kuti mphamvu inali m'tsamba la duwa lochedwa foxglove, ndipo anakhala zaka khumi ali kuyesa muyeso wace asanalembe buku lace m'caka ca 1785. Anapeza kuti tsamba lomwelo limene licepetsa kuthamanga kwa mtima, likaculuka pang'ono limasanzitsa ndi kupha. Nkhalamba ija inali ndi nzeru ndithu. Cimene cinali kusowa ndi muyeso, ndipo kufikira lero pa mankhwala a mtima muyeso ndiwo nkhani yonse.

Mankhwala ofunika koposa kwa mai uja anali warfarin, oletsa magazi kuundana msanga. Awa anacokera ku khola la ng'ombe. M'zaka za m'ma 1920 ng'ombe za alimi a ku Canada ndi kumpoto kwa United States zinali kufa ndi kukha magazi zikadya udzu wosungidwa umene unacita nkhungu. M'caka ca 1933 mlimi wina anafika kwa katswiri Karl Paul Link ku Wisconsin atanyamula ng'ombe yakufa ndi cigubu ca magazi osaundana. Pofufuza cimene cinali mu udzuwo anapeza mankhwala amene m'caka ca 1948 anayamba kugulitsidwa ophera makoswe, ndipo m'caka ca 1954 analoledwa kupatsa anthu pa muyeso wocepa. Masiku ano kuli mankhwala ena atsopano osafuna kupima magazi pafupipafupi, ndipo amathandiza okalamba ambiri. Koma kafukufuku wa odwala oposa 4,500 m'maiko 24, wolengezedwa m'caka ca 2022, anasonyeza kuti kwa amene zitseko zao zinaonongeka ndi matenda a pakhosi aja, mankhwala akale a mtundu wa warfarin ndiwo amateteza moyo bwino koposa.

Warfarin ndi mlendo wofuna ulemu. Akacepa, magazi aundana. Akaculuka, munthu akha magazi m'mphuno, m'nkhama, m'mkodzo, ngakhale mu ubongo. Cotero wodwala ayenera kupimitsa magazi kawirikawiri, pa kupima kochedwa INR, kumene kwa ambiri nambala yace iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Apa ndi pamene moyo wa kumudzi umavutitsa. Ndiwo zamasamba zobiriwira, monga cibwabwa, bonongwe, repu ndi kholowa, zili ndi vitamini K amene amacepetsa mphamvu ya warfarin. Sikuti wodwala aleke kuzidya ai, pakuti thupi limazifuna. Cofunika n'kudya mofanana, osati mlungu uno mphika wodzaza tsiku lililonse, mlungu wamawa osalawa. Koma kumudzi masamba amatsata mvula: m'dzinja ali ponseponse, m'cilimwe acepa. N'cifukwa cace pa kusintha kwa nyengo kupima magazi sikuyenera kuphonyedwa. Mankhwala a TB, ma ARV ena, Septrin, aspirin ndi Brufen, ndiponso zitsamba zambiri, zimasintha mphamvu yace kapena kukhetsa magazi, motero womwa warfarin ayenera kuuza aliyense womupatsa mankhwala. Ndipo mphini ndi lumo n'zoletsedwa kwa iye.

Panali nkhani inanso imene dotolo anaitanira mwamuna wa mai uja m'cipinda. Warfarin angathe kupundula mwana m'mimba, makamaka miyezi yoyamba, ndipo pakati pokha pamalemetsa mtima wa citseko cothina kotero kuti akazi ena amamwalira pobala kapena atangobala. Mwamunayo anali kufuna mwana wacisanu. Anakhala cete nthawi yaitali, atazolika, kenaka anati, “Adotolo, anai amene alipowa afuna amai ao.” Sanaonjezepo mau ena. Kuonjezera pa zonsezi mai uja anauzidwa kuti azilandira penisilini mwezi uliwonse kwa zaka zambiri, kuti kacirombo kaja kasabwerenso kudzaonjeza cipsera.

Njira zina zocizira zilipo, ngakhale kuti zimapezeka m'zipatala zazikulu zokha. Odwala ena amagonekedwa tulo kanthawi kocepa napatsidwa mphamvu ya magetsi pacifuwa kamodzi, imene imatontholetsa oyimba onse nthawi imodzi kuti mwini ng'oma ayambenso. Njira imeneyi inafalitsidwa ndi Bernard Lown ku America kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960. M'caka ca 1998 madotolo a ku Bordeaux, m'dziko la France, anasonyeza kuti kawirikawiri cisokonezo cimayambira pamene mitsempha yocokera ku mapapo ilowa mu mtima, ndipo kuti malowo angatenthedwe ndi kawaya kolowetsedwa mu mtsempha wa m'ntchafu. Citseko cothina cingathe kukuzidwa kapena kusinthidwa pa opaleshoni, ndipo m'dziko muno odwala otere amatumizidwa ku Lusaka, ku University Teaching Hospital ndi ku National Heart Hospital. Koma citseko cikakonzedwa mocedwa, cipinda cofufuma cija sicibwerera msanga, ndipo mankhwala amapitirirabe.

Palinso mitima imene vuto lace si kuthamanga koma kucedwa. Mwa okalamba ena cipata ca pakati cija cimatsekeka. Zipinda zapansi zikaleka kumva ng'oma zimayamba kudziyimbira zokha, koma mocedwa, nthawi 30 kapena 40 pa mphindi, ndipo munthu amacita cizungulire, nthawi zina amagwa mwadzidzidzi ngati wakhunyu n'kudzukanso. Mapilitsi sathandiza kwenikweni pamenepa. Cothandiza ndi kamakina ka batire kochedwa pacemaker, kamene kamaikidwa pansi pa khungu la pacifuwa, ndi kawaya kofika mu mtima, kuti kazipereka nthawi. Koyamba kuikidwa m'thupi la munthu kanaikidwa ku Stockholm, m'dziko la Sweden, pa 8 October 1958, ndi dotolo Åke Senning, katapangidwa ndi Rune Elmqvist. Kanaleka kugwira nchito patapita maola ocepa, naika kena m'mawa mwace. Wodwalayo, Arne Larsson, anasinthidwa timakina toposa 20 pa moyo wace, ndipo anamwalira m'caka ca 2001 ali ndi zaka 86, dotolo ndi mmisiri uja atatsogola kale. Batire ya masiku ano imakhala pafupifupi zaka khumi.

Awerengi asacite mantha ndi kudumpha kulikonse kwa mtima. Pafupifupi munthu aliyense nthawi zina amamva mtima wace ngati waphonya kamodzi kenaka n'kugunda mwamphamvu, makamaka atatopa, atamwa tiyi wambiri kapena ali ndi nkhawa, ndipo mu mtima wabwino izi sizioopsa. Malungo, kucepa kwa magazi ndi pakati zimafulumizitsa mtima, koma mwadongosolo. Mwa ana ndi anyamata mtima umafulumira pang'ono pokoka mpweya nucedwa potulutsa, ndipo ici n'cizindikiro ca thanzi. Kusiyanitsa sikufuna makina. Khalani pansi mupume kanthawi, tambasulani dzanja cikhatho cili kumwamba, ikani cala ca mkombaphala ndi capakati m'munsi mwa cala cacikulu, muwerenge mphindi yathunthu. Ngati kugunda kulibe dongosolo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kapena kupitirira 100 munthu ali phee wosatentha thupi, kapena kuli pansi pa 50 munthu n'kumacita cizungulire, nkhaniyo ndi ya ku kiliniki. Koma kukomoka, kupweteka kwa pacifuwa, kubanika, kukhota mlomo, kulemera lilime kapena kufooka mbali imodzi, ngakhale zitatha zokha, n'zofunika ngolo kapena njinga nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Mai uja anabwerera kumudzi patapita milungu iwiri. Mtima wace sunabwerere pa kayimbidwe kakale, ndipo dotolo anamuuza poyera kuti mwina sudzabwereranso. Koma unaleka kuthamanga, ndipo iye anayamba kugona cogona ngati anzace. Munda waukulu anausiyira mwamuna ndi ana, iye natenga dimba ndi nkhuku. Kabuku ka masiku opimitsa magazi amakasunga m'pulasitiki pamodzi ndi citupa cace. M'miyezi ya mvula, mtsinje ukadzaza, ulendo wa ku cipatala umadya tsiku lathunthu ndi ndalama za nkhuku imodzi, ndipo kawiri konse anaphonya tsiku lace. Ena m'mudzimo akali kunena kuti munthu womwa mankhwala osatha ndiye kuti sanacire, ndipo amamuuza za sing'anga wina wa kutsidya la malire amene amati amaciza kamodzi kokha. Iye amangowamvera, madzulo n'kumwa pilitsi lace.

M'mwezi wa June, kuzizira kutafika, mwana wace wacitatu, mnyamata wa zaka zisanu ndi zinai, anakana nsima nati kukhosi kuli kuwawa. Thupi linali lotentha. Apongozi anati amupatse madzi ofunda a mcere, ziona m'mawa, ndipo akazi ena pamtondo anaseka kuti tsopano ana ayamba kupita ku cipatala cifukwa ca khosi. Mai uja anabwereka njinga, nauza mwana wace wamkulu kuti apalase, iye natsatira pambuyo pang'onopang'ono, ali kupumira m'mithunzi. Namwino anaunika kukhosi kwa mnyamatayo, naona mafinya oyera mbali zonse ziwiri, namulasa nyeleti ya penisilini pathako. Nyeleti imeneyi ndi yowawa. Mnyamatayo analira njira yonse yobwerera, ndipo sanalankhule ndi amace kufikira dzuwa litalowa.